Phulusa m'Dzenje la Gasi

Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma dothi ndimalidziwa. Aliyense wa kuno kunsi kwa phiri la Michesi akhoza kukuuzani kuti chimanga cha m'munda mwanga chinkasiyana ndi cha anzanga, ngakhale chaka chimene feteleza sanapezeke. Chinsinsi chinali manyowa. Ndinali ndi ng'ombe zinayi, ndiponso dzenje kuseri kwa khola. M'dzenjemo ndinkayala ndowe, pamwamba mapesi oduladula, pamwamba phulusa, kenako dothi pang'ono, n'kuyambiranso. Anandiphunzitsa ndi bambo anga. Iwo ankati ndowe yopanda phulusa ndi uve chabe, si manyowa. Mawu amenewo ndinawasunga moyo wanga wonse, ndipo ndi amene anadzandigwetsa.

Kuno si kwathu. Kwathu ndi ku Chiwalo. Ndinabwera kuno kudzakwatira monga mwa mwambo wathu, ndipo ndakhala pa chikamwini zaka zoposa makumi anayi. Malo ndi a mkazi wanga ndi abale ake. Mwini mbumba ndi mlongo wake wamkulu, alamu anga, munthu wa pakamwa potentha. Mkamwini wochenjera sabzala mtengo, samanga chinthu chosanyamulika. Zanga zonse zinali zoyenda. Ng'ombe zili ndi miyendo, njinga ili ndi matayala, wailesi imalowa m'thumba. Nyumba ndinamanga chifukwa ndi lamulo, koma mumtima ndinkati ndi ya mkazi ndi ana. Sitinakanganepo mpaka kufika poti n'kulekana. Komabe ndinkakhala pamudzi pano ngati munthu amene wakhalira thako limodzi pa benchi ya kuchipatala.

Mkazi wanga ankakwera phiri kawiri pa sabata kukatola nkhuni. Nditangofika kuno, ankapita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanatenthe. Zaka zikamapita anayamba kubwera masana, kenako dzuwa litapendeka. Ine sindinkafunsa. Nkhuni ndi ntchito ya amayi. Ndinkangomva mtolo ukugwa pabwalo, ndiyeno n'kumuona atakhala pansi, akusisita khosi.

Chaka chimene napolo anatsika m'phiri n'kukokolola midzi, ife tinapulumuka, koma njira ya amayi yokwerera inadyeka. Panatsala chigwembe cha miyala yoterera. Chaka chotsatira, titangomaliza kukolola, mkazi wanga anaterereka pamenepo mtolo uli pamutu. Anzake anamubweretsa momubereka mosinthanasinthana. Bondo linatupa ngati dzungu. Kuchipatala anamumanga n'kunena kuti fupa silinathyoke, koma akadzagwanso kachiwiri sadzayendanso bwino.

Tsiku limenelo anthu anadzaza pabwalo kudzazonda. Ndinaimirira pamaso pawo, alamu ali pomwepo, n'kunena kuti, "Mayi awa kuphiri sadzapitanso." Ndinanena kamodzi. Ine ndikanena chinthu sindibwereza.

Mkazi wanga ali pamphasa anandiyang'ana. "Ndiye tiziphikira chiyani, abambo? Mawu anuwo?"

Amayi a kumpingo anabwera aliyense ndi mtolo wake, monga amachitira pakagwa vuto. Anaunjika nkhuni m'mbali mwa khitchini mpaka kugunda denga. Mulu umenewo ndiwo unali masiku anga. Ukadzatha, mkazi wanga adzapinda nkhata, bondo kapena wopanda bondo. Ndinkamudziwa. Zogula nkhuni kapena makala tsiku ndi tsiku sitikanakwanitsa, ndipo iye anakaniratu. Anati kugula mtolo n'kutuma mkazi wa mwini kuti akagwe pamene iye anagwa.

Za gasi wa ndowe ndinali nditazimva kale. Kunali mlangizi wina, mayi wamkulu ndithu, amene ankayenda pa njinga yamoto m'midzi ya kuno kufunafuna anthu oweta ng'ombe. Ulendo woyamba ndinamubweza pa chipata. Ndinati ndowe zanga ndi za kumunda. Tsopano ndinakwera njinga n'kukamufuna ndekha.

Sanandikumbutse za tsiku lija. Anajambula pansi ndi kamtengo. "Bambo, ndowe zanu sizitayika. Zilowa uku. Zikavunda, gasi akwera pamwamba, adutsa m'paipi mpaka pa chitofu cha amayi. Zotsala zituluka uko, ndipo ndi manyowa abwino kuposa amene mumapanga."

Kuposa anga. Ndinamuyang'ana, koma ndinameza.

Bungwe lawo linkabweretsa simenti, mapaipi, chitofu ndi mmisiri. Ine ndinayenera kukumba, kupeza njerwa, kututa mchenga ndi madzi. Njerwa ndinasinthanitsa ndi mbuzi ziwiri. Chinatsala n'chilolezo, pakuti dothi si langa. Ndinapita kwa alamu.

"Alamu, ndikufuna kukumba kuseri kwa khola."

"Manda?"

"Dzenje la gasi."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Inu amene mwakana kubzala ngakhale papaya zaka zonsezi? Lero mukwirira njerwa m'dothi lathu? Nanga tikadzakuthamangitsani, dzenjelo mudzalimanga pa kaliyala?"

"Ndiyamba mawa."

"Kumbani, akamwini. Koma mlongo wanga asadye ndiwo zonunkha khola."

Ndinakumba ndekha. Dothi la kuno lili ndi miyala yochokera kuphiri, khasu limalira. Mmisiri anali munthu wachete, wodziwa ntchito. Anamanga chinthu chozungulira ngati mtsuko waukulu wovundikira, n'kuchipaka simenti mkati katatu, tinachikwirira. Pamwamba panangooneka chivundikiro ndi paipi yopita kukhitchini. Mbali imodzi kunali kabeseni ka simenti kosakanizira, mbali ina potulukira zotsala.

Mlangizi anandiuza lamulo, mkazi wanga akumva. "Ndowe zatsopano ndi madzi, muyezo wofanana. Chidebe cha ndowe, chidebe cha madzi. Mutakase mpaka zikhale ngati phala. Musathiremo china chilichonse. Sopo ayi, dothi ayi, zinyalala ayi. M'ndowemo muli tizilombo tosaoneka, ndi timene timapanga gasi. Tikafa, zonse zaima."

Kudzaza koyamba kunafuna ndowe zambiri kuposa za ng'ombe zanga. Ndinayenda m'makola a anthu ndi wilibala kupempha. Ine amene sindinapemphepo ngakhale mchere. Ena ankapereka akuseka. Wina anati, "Madala, kodi njala yafika pamenepa?" Ndinkangokankha wilibala.

Koma phala lija linkandivuta mumtima. Ndinkaima pa kabeseni ndi mtengo wotakasira n'kumayang'ana. Ndowe ndi madzi basi. Zinali ngati kuona munthu akupakula ndiwo zopanda mchere. Pansi pa nkhokwe ndinali ndi matumba a phulusa limene ndinasunga kuti ndidzapangire manyowa a chaka chimenecho. Ndinaganiza kuti mayi uja anatchula sopo, dothi ndi zinyalala. Phulusa sanatchule. Ndipo phulusa si chinyalala. Iye za ndowe anaziwerenga m'buku, ine ndazigwira ndi manja kuyambira ndili mwana.

Ndinathira thumba loyamba m'mawa wina mkazi wanga asanatuluke m'nyumba. Kenako lachiwiri. Ndinaduladula mapesi ndi chikwanje n'kukankhiramo, kuti zinthu zikhale m'dongosolo lake. Matumba atatha, ndinkapala phulusa la pamafuwa m'mawa uliwonse n'kukathira. Sindinauze munthu. Sindinkaona ngati ndikubisa. Ndinkaona ngati ndikukonza zimene munthu wasukulu waiwala, ndipo gasi akadzabuka ndidzawauza chifukwa chake.

Mlangizi anati tidikire masabata atatu kapena anayi.

Kudikira sindikudziwa. Ndinatenga khala n'kulemba mzere pakhoma la khitchini pamene mulu wa nkhuni unalekezera. Sabata iliyonse mzere wina, wotsika. M'mawa uliwonse ndikathira ndowe, ndinkalowa m'khitchini, malo amene kale sindinkaponda, n'kutsegula kampopi ka chitofu, n'kuyatsa machesi. Kamtengo kankapsa mpaka kundiwotcha chala. Palibe. Ndinkapita kumunda, n'kugwira khasu mizere iwiri, n'kubwereranso kudzaona. Ndinkagona chafufumimba pa chivundikiro kuika khutu ngati ndikumvera mbewa kuuna. Kutchalitchi abusa akulalikira, ine maganizo ali kuseri kwa khola. Pa bawo ndinaleka kupita chifukwa anzanga ankandifunsa funso limodzi lomwelo.

Tsiku lina kampopi kanachita kaphokoso ngati njoka. Ndinaika machesi, mpweya uja unangozimitsa moto. Mawa lake ngakhale kaphokosoko kunalibe.

Masabata anayi anakwana m'nyengo ya chiperoni. Phiri silinkaoneka, mvula yamawawa tsiku lonse, manja kuuma. Mlangizi anabwera atavala chijasi. Anati kuzizira kumagoneka tizilombo tija, tifunditse pamwamba pa dzenje ndi udzu, tidikire kutenthe. Ndinapuma. Mlandu unali wa chiperoni. Ndipo ndinaganizanso mwanzeru zanga: mulu wa manyowa wothira phulusa umatentha mkati mpaka kutuluka nthunzi. Ngati tizilombo tikumva kuzizira, tikufuna phulusa lambiri. Ndinayenda m'madzala a anthu oyandikana nawo kukapala lina n'kuwonjezera.

Chiperoni chinapita. Mphepo ya Ogasiti inadutsa ndi fumbi lake. Dzuwa linayamba kuwawa. Mizere pakhoma inafika m'chiuno mwanga, kenako m'mabondo.

Mkazi wanga anali atayamba kuyenda ndi ndodo. Sanadandaule, koma ndinaona zimene ankachita. Madzi anga osamba analeka kufunda. Nyemba zinasowa pa mbale chifukwa zimadya nkhuni. Ankasonkha moto kamodzi patsiku, zam'mawa tinkadya zotsala. Anayamba kutolera zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, imene imayaka ngati pepala n'kudzaza nyumba ndi utsi. Nthawi zina ndinkamupeza ataima pabwalo akuyang'ana kuphiri, akupinda ndi kuwongola bondo lija ngati akuliyesa.

"Mukuyang'ana chiyani?" ndinamufunsa.

"Mitambo."

Kunalibe mtambo ngakhale umodzi.

Kutsidya kwa mtsinje kunali bambo wina amene anamangiridwa dzenje pambuyo pa ine. Kwake moto unayaka. Alamu anayenda wapansi kukaona ndi maso awo, n'kubwera molunjika pakhomo pathu.

"Ndamwa tiyi wa ndowe lero, akamwini. Wokoma. Sanunkha n'komwe. Kodi ng'ombe zanu zimadya chiyani, miyala? Kapena dzenje nalonso ladziwa kuti mwini wake ndi mlendo?"

"Liyaka."

"Liyake msanga. Mlongo wanga ndamuona dzulo akunola chikwanje."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Kuyambira tsiku limenelo sindinkatalikira pakhomo. Ng'ombe ndinkazimangirira kudambo lapafupi n'kumabwerera kawirikawiri, kuopa kuti ndipeza wapita. Ndipo pansi pa mtima panayamba kumera ganizo limene ndinkalipondereza: kutsidya kuja sanathire phulusa.

Ndinaleka kuthira. Koma sindinanene.

Mlangizi anabweranso, ulendo uno ndi mmisiri uja. Alamu ataona njinga yamoto anabwera ndi kampando kawo. Mayi uja anapaka thovu la sopo pa mfundo zonse za paipi kuti aone ngati pakutuluka mpweya. Panalibe. Anazungulira dzenje kawiri. Kenako anatembenukira kwa mmisiri.

"Ngati si paipi, ndiye kuti mwasiya mng'alu mkati. Tifukula, tiswe pamwambapa tione. Mukadzapezeka kuti ndi inu, ntchito zina zija sindikupatsaninso."

Mmisiri anangoyang'ana pansi. "Ndinapaka katatu, mayi. Bambowa anaona."

Ndinaonadi. Ndinali pomwepo tsiku lililonse. Koma sindinamuikire umboni.

Asanayambe kufukula, mlangizi anapempha nsungwi yaitali. Anailowetsa potulukira zotsala. Inakakamira pa chinthu cholimba pamwamba, anakankha mpaka inaboola, n'kutsika mpaka pansi. Ataitulutsa, nsonga yake inali ndi phala lotuwa, ndipo m'mbali munamatirira timapesi. Anatapa ndi zala n'kufikisa. Zinkamveka ngati mchenga. Ananunkhiza.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

Alamu anasendeza kampando kawo pafupi.

Amene anayankha ndi mkazi wanga, ataima pakhomo la khitchini ndi ndodo yake. "Ndi phulusa langa, mayi. Miyezi itatu ndasowa ngakhale lopangira chidulo cha therere."

Onse anatembenukira kwa iye. Ndinaona kuti akhoza kuganiza kuti wathira ndi iye, ndipo iye sakanakana. Ndinavula chipewa.

"Ndinathira ndine. Phulusa ndi mapesi. Mmisiriyu alibe mlandu. Mayi awanso alibe mlandu."

"Lochuluka bwanji?"

"Matumba onse a pansi pa nkhokwe. Ndi lina."

Mlangizi anakhala pa njerwa n'kugwira mutu. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Anati phulusa lochuluka chotero lapha tizilombo, lina lakhazikika pansi ngati simenti, mapesi ayandama n'kuuma pamwamba ngati chivundikiro. "Dzenje ili si la manyowa, bambo. Ndi mimba ya ng'ombe. Kodi ng'ombe yanu mumaidyetsa phulusa?"

Funso limenelo ndinalimva. Akanandiuza choncho poyamba, mwina ndikanamva. Mwinanso ayi.

Alamu anadzuka, anapinda kampando kawo. "Safunsa anadya phula," anatero, n'kumapita. Sanaseke.

Anthu atachoka ndinafunsa mkazi wanga. "Munkadziwa?"

"Pamafuwa panga pamakhala poyera m'mawa uliwonse ngati pasesedwa ndi mkamwini watsopano. Ndikanalephera kudziwa?"

"Bwanji osanena?"

"Pa nkhani ya ndowe? Kwa inu? Abambo, ndakhala nanu zaka zingati?"

Panalibe njira ina koma kutulutsa zonse. Mlangizi analamula kuti titsegule chivundikiro, tisiye masiku angapo mpweya woipa uchoke, ndipo munthu asalowetsemo mutu kapena kuyandikira ndi fodya. Ndiyeno ndinayamba kutunga ndi chidebe chomanga chingwe, ngati pachitsime. Ntchito ya masana, poyera, njira ya kumjigo ikudutsa pomwepo. Amayi ankadutsa atatseka mphuno ndi chitenje. Nkhani inali itafika kale m'mudzi monse, kuti katswiri wa manyowa wapha dzenje lake ndi dzanja lake.

Masiku awiri oyamba alamu anangokhala pamthunzi akuonerera. Tsiku lachitatu anabwera atavala kabudula wakale, atanyamula chidebe.

"Musaganize kuti ndikuthandiza inu. Fungoli likufika kwathu."

Tinatunga awiri. Iwo sanaleke kulankhula. Za pansi zinali zolimba, tinachita kuzigumula ndi fosholo yomangirira ku nsungwi. Zonse ndinatutira kumunda ndi wilibala. Ndinene chilungamo, manyowa ake anali abwino. Pamenepo bambo anga sananame. Anangokhala kuti sanaonepo dzenje la mtundu uwu.

Kenako kuyambiranso. Wilibala, makola a anthu, kupempha kachiwiri kwa anthu omwe aja. Ulendo uno sankaseka kwambiri, ndipo sindikudziwa chimene chinali chowawa koposa. Mlangizi anabweretsa zigubu ziwiri za phala lochokera m'dzenje la kutsidya lija, anati ndi mbewu ya tizilombo. Chidebe cha ndowe, chidebe cha madzi. Posakaniza, mkazi wanga ankabwera kudzaima pambali panga ndi ndodo yake. Ankangoima.

Masabata atatu ena, anatero mlangizi, mwina anayi. Ndinayang'ana pakhoma. Mulu unali utatsika kupitirira mzere womaliza. Panatsala nkhuni zoti mwana akhoza kuzifungata.

Zinatha sabata yoyamba isanathe. Mitengo ya nandolo inali itatha kale.

M'mawa wake, ndikuchokera kukhola ndi chidebe, ndinapeza mkazi wanga pabwalo. Anali atamanga chitenje cholimba m'chiuno, chikwanje chili pansi, akupinda kansalu kukhala nkhata. Ndodo anali ataitsamiritsa pakhoma. Panjira panaima amayi atatu akumudikira.

"Mukupita kuti?"

"Mukudziwa."

"Ndinanena kuti simudzapitanso."

"Munanena. Nanga lero mudya chiyani? Ndiyenda pang'onopang'ono. Anzangawa andidikira pa chigwembe."

Ndinaika chidebe pansi. Ndinasamba m'manja. Ndinatola chikwanje, n'kutambasula dzanja kuti andipatse nkhata.

"Abambo, musachite zimenezo. Anthu adzati chiyani?"

"Anena kale zambiri."

Kuno mwamuna amakwera phiri kukawotcha makala kapena kukadula mitengo yogulitsa, n'kutsitsa panjinga. Koma mwamuna wa imvi kusenza pamutu mtolo wa kukhitchini kwa mkazi wake, amati anadyetsedwa khuzumule. Ndinkadziwa, chifukwa inenso ndinanenapo anthu ena choncho. Njinga sikanathandiza. Pa chigwembe chija ngakhale mbuzi imaganiza kawiri.

Amayi atatu aja anayenda patsogolo, ine pambuyo. Poyamba anachita manyazi, kenako mmodzi anayamba. "Agogo, chitenje mwaiwala." Ena anaphulika. Ndinangoyenda.

Sindinkadziwa kuti n'kutali chotero. Zaka makumi anayi ndadya chakudya chophikidwa ndi nkhuni za m'phiri limeneli, koma sindinkadziwa kumene zimachokera. Tinadutsa minda yomaliza, tinadutsa zitsa, zitsa zokhazokha, dzuwa likukwera. Pa chigwembe ndinakwawa ndi manja. Mmodzi anandilozera mwala wosalala wopendekeka. "Anagwera apa." Ndinauyang'ana. Pansi pake panali phompho loti akanapitirira pang'ono sitikanalankhula za bondo.

Nkhuni zouma tinazipeza pamwamba. Kutola ndinatola, koma kumanga kunandikanika. Mtolo wanga unkamasuka ngati tsache lakale. Mayi wamkulu mwa atatuwo anandikankha pambali. "Chokani, agogo. Zazitali pansi, zazifupi pakati. Luzi mumange patatu, osati pawiri. Munkaganiza kuti mitolo imadzimanga yokha?" Anandisenzetsa. Khosi linalowa m'mapewa.

Ndinafika m'mudzi dzuwa litapendeka, nthawi imene anthu amakhala pabwalo. Ndinadutsa pa bawo. Wina anakuwa, "Mayi, mwaswera bwanji?" Wina anati, "Mankhwala ake ndi amphamvu, agwira munthu atakalamba!" Sindikanatha kutembenuka ngakhale ndikanafuna. Mtolo sulola.

Ndinauponya pabwalo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kusisita khosi. Mkazi wanga anayang'ana mtolo, anayang'ana ine. "Zaziwisi zachuluka," anatero. Kenako analowa m'khitchini, ndipo madzi osamba tsiku limenelo anali ofunda.

Ndinakwera kasanu ndi kawiri. Ulendo wachitatu ndinamanga ndekha. Ulendo wachinayi pa bawo anali atatopa nazo. M'mawa ndinkathira ndowe, n'kuyesa machesi, n'kutenga chikwanje. Mitambo ya mvula inayamba kusonkhana pa Michesi, ndipo ndinkadziwa kuti ikagwa, miyala ya pa chigwembe idzaterera ngati sopo. Sindinkapeza mtendere pansi kapena pamwamba.

Kaphokoso ka njoka kanabweranso sabata yachitatu. Machesi anazima. Mlangizi anali atandichenjeza kale kuti mpweya woyamba suyaka, ndiutulutse zitseko zili zotsegula. Ndinamvera. Masiku atatu ndinatulutsa. Tsiku lachinayi ndinali pa kabeseni ndikutakasa, pamene mkazi wanga anaitana kuchokera m'khitchini.

"Abambo."

Ndinalowa ndi manja a ndowe. Anali atayatsa yekha. Lawi linali labuluu, lalifupi, lozungulira, lopanda utsi, moti masana ukanatha osaliona. Anadutsitsa dzanja pamwamba pake kuti atsimikize. Kenako anaikapo ketulo. Tinaima awiri kuyang'ana madzi mpaka anawira.

"Itanani alamu anu," anatero. "Amakonda tiyi wa ndowe."

Alamu anamwa makapu awiri. Pochoka anaima pa chivundikiro cha dzenje n'kupondaponda ndi phazi. "Ndiye tsopano, akamwini, tikakuthamangitsani?"

"Sindichoka. Dzenjeli limadya m'mawa uliwonse. Mudzalidyetsa ndinu?"

Limadyadi m'mawa uliwonse, ndipo silidziwa Sabata kapena maliro. Kwathu ku Chiwalo kukagwa zovuta ndimapita ndi kubwera tsiku lomwelo, kapena ndimagona kamodzi mtima uli kuno. Ng'ombe sindingazigulitse. Nyengo ya chiperoni lawi limafooka, timathandizira ndi zitsononkho ndi mitengo ya nandolo. Zotuluka ku dzenje ndimathira kumunda. Phulusa, likapezeka, ndimamwaza palokha m'mizere. Sindinalisiye. Ndinangolichotsa pamene silifunika. Pafupi ndi potulukira zotsala ndinabzala nthochi ndi mapapaya awiri, chifukwa pamakhala ponyowa.

Chinthu chimodzi gasi anakanika. Ife Alomwe timadya nyemba zija za kalongonda, ndipo kalongonda amafuna kuwira tsiku lonse, kutaya madzi ndi kuthira ena, apo ayi amaledzeretsa munthu mpaka kumupweteka. Mkazi wanga anayesa pa chitofu, gasi anatha mphika usanafike pakati. Mafuwa sanawataye, ali kuseri kwa khitchini. Nyengo ya kalongonda ikafika, amangotulutsa chikwanje ndi nkhata n'kuziika pa mpando wanga.

Ndimatenga. Ndimamanga patatu. Iye kuphiri sanabwererenso.